Zimene Lenny Henry analipira kuti anthu aseke

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene munalemba posachedwapa yokhudza achinyamata amene ayamba kudya za nthabwala, ena m'maholo, ena pa Facebook ndi TikTok. Nkhaniyo inali yokoma, koma muli mawu ena amene anandikhala pakhosi. Wolembayo analangiza achinyamatawo kuti asamavutike n'kusankha, chilichonse chimene chaseketsa anthu ndiye chabwino, poti bwana wa wanthabwala ndi woonera. Ine ndikukana. Ndipo kuti ndisangokana ndi pakamwa pokha, ndifotokoze za munthu wa kuno ku England amene anatsatira malangizo omwewo ali mnyamata wa zaka 16, ndipo mpaka lero, ndi imvi zake, akamafunsidwa za nthawi imeneyo nkhope imagwa. Dzina lake ndi Lenny Henry.

Ine ndimakhala ku Wolverhampton, ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tauni ya Dudley, kumene Lenny anabadwira pa 29 Ogasiti 1958, ili pafupi, basi imodzi wafika. Nthawi imeneyo linali dera la malasha ndi mafakitale a zitsulo. Makolo ake anachokera ku Jamaica, m'gulu la anthu a ku zilumba za Caribbean amene anabwera nkhondo yachiwiri itatha kudzagwira ntchito m'mafakitale, m'mabasi ndi m'zipatala. Pa ana 7 a m'banjamo, iye ndiye anali woyamba kubadwira ku England. Sanabadwire pamalo ofewa ayi. Mu 1964, ku Smethwick, pafupi pomwepa, munthu anapambana chisankho cha phungu pokopa anthu ndi chidani cha pa akuda. Mu Epulo 1968, Enoch Powell, amene anali phungu wa kuno ku Wolverhampton, analankhula ku Birmingham kuti kubwera kwa alendo kudzathera m'kukhetsa mwazi. Lenny anali ndi zaka 9. Iye mwini amasimba kuti mayi ake ankauza ana awo kuti atuluke akasakanikirane ndi anthu a ku Dudley, azilankhula ngati iwo, azidya zimene iwo amadya, apo ayi moyo udzawavuta. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna.

Mwanayo anamvera, ndipo anamvera mopitirira. Anaphunzira kutsanzira mawu a aliyense amene ankamumva pa TV. Kusukulu anazindikira kuti mnyamata amene akufuna kukumenya, ukamuseketsa chibakera chimatsika. Atasiya sukulu analowa m'fakitale kuphunzira ntchito ya zitsulo, usiku n'kumakatsanzira oimba m'maholo a madansi. Mu 1975 analowa mpikisano wa pa TV wotchedwa New Faces. Mvetserani bwino mmene anachitira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Anayamba atafulatira anthu, n'kumalankhula ndi mawu a Frank Spencer, mzungu wopusa wa m'sewero lina la pa TV limene dziko lonse linkalidziwa. Kenako anatembenuka. Anthu ataona kuti mawuwo akutuluka m'kamwa mwa mnyamata wakuda, holo yonse inagwa nacho chiseko. Luso analinalo ndithu, palibe angakane. Koma phwete loyamba limene linamutsegulira chitseko linali la khungu lake.

Atapambana, akuluakulu a zamasewero anamulembetsa kontirakiti yoti azikachita nawo The Black and White Minstrel Show. Owerenga ambiri sakuidziwa, choncho ndiifotokoze. Inali pulogalamu ya BBC imene inayamba mu 1958, chaka chomwe Lenny anabadwa, n'kudzatha mu 1978. Amuna achizungu ankadzipaka zakuda kumaso, kujambula milomo ikuluikulu yoyera, n'kumaimba nyimbo za kum'mwera kwa America za nthawi ya ukapolo, uku akuvina ndi atsikana achizungu. Anthu mamiliyoni ankaonera. Mu 1967 bungwe lolimbana ndi tsankho linapereka chikalata ku BBC chopempha kuti pulogalamuyo ithe, koma inapitirira zaka zina 11, poti anthu ankaikonda. Mwaona, Akonzi? Woonera ndiye anali bwana.

Kupatula ya pa TV, gululo linkayendanso m'maholo a m'matauni a m'mbali mwa nyanja ngati Blackpool, ndipo uko ndi kumene Lenny anakhala zaka pafupifupi 5. Tangoganizani: mnyamata wakuda weniweni, yekhayekha, pakati pa azibambo odzipaka mwaye kuti aoneke ngati iye. Nthabwala zimene ankanena zinali za mtundu umene unalipo kale. Patsogolo pake panali Charlie Williams, wanthabwala wakuda wa ku Yorkshire amene kale ankasewera mpira ku Doncaster Rovers, yemwe ankaopseza oonera ovuta kuti akapanda kukhala chete adzasamukira nyumba yoyandikana ndi yawo. Anthu ankafa nacho chiseko, chifukwa kukhala moyandikana ndi munthu wakuda ankakuona ngati tsoka. Lenny anayenda m'mapazi omwewo, kudzinyoza yekha anthu asanamunyoze. Ndalama zinkalowa, banja linkapindula, ndipo kwa mwana wa anthu ovutika zimenezo si zazing'ono. Koma iye wanena poyera kuti eni gululo ankamugwiritsa ntchito ngati chishango: wina akati seweroli ndi latsankho, iwo ankangoloza kuti taonani, tili ndi Lenny. Wanenanso kuti abale ake sankasangalala nazo, ndipo amalakalaka pakanapezeka wamkulu womukhazika pansi n'kumuuza kuti tuluka mmenemo.

Kuntchito kwathu ndimasamalira anthu a m'badwo umene unkaonera zimenezi. Agogo ena achizungu, okoma mtima zedi, amene amandisungira bisiketi m'thumba la juzi, nyimbo za pulogalamu ija amaziimba mpaka kumapeto osaphonya liwu, pamene dzina la mdzukulu wawo linawathawa kalekale. Ukawafunsa amati zinali zongosangalatsa, panalibe choipa. Ndimawakhulupirira kuti iwo sankaona choipa. Tinalinso ndi bambo wina wa ku Jamaica amene ankati nyimbozo zikayamba, amapempha kuti timukankhire njinga yake panja, ngakhale kukuzizira. Onsewa ankakhala m'tauni imodzi, kuonera TV imodzi, Loweruka lomwelo. Amene ankaseka anali ambiri, ndiye ankawerengedwa. Amene ankatuluka m'chipinda palibe ankawawerenga.

Zaka zotsatira ndingodutsamo mwachangu. Mu 1976 anasewera mu The Fosters, sewero loseketsa loyamba la pa TV ya ku Britain limene osewera ake onse akuluakulu anali akuda, limodzi ndi Norman Beaton ndi Carmen Munroe. Kuyambira 1978 anali pa Tiswas, pulogalamu ya ana ya Loweruka m'mawa yojambulidwa ku Birmingham, ya phokoso ndi kuthirana madzi. Kenako anachita pulogalamu ya nthabwala ya Three of a Kind pamodzi ndi wanthabwala mnzake Tracey Ullman, ndipo mu 1984 BBC inamupatsa pulogalamu ya dzina lake.

Pali chimodzi cha m'nyengo imeneyi chimene ine, monga mwana wa ku Africa, sindingachidumphe. Mwa anthu amene Lenny ankawatsanzira munali "munthu wa ku Africa", wotuzula maso, wa Chingerezi chokhotakhota, amene ankangofuula dzina la Katanga, dera la ku Congo. Ana achizungu anatola mfuwu umenewo n'kumakuwira nawo anzawo akuda m'mabwalo a sukulu. Apa ndiye pamandipweteka kwambiri, chifukwa amene ankachita zimenezi sanali mzungu wodzipaka makala. Anali munthu wodziwa ululu wa kusekedwa, amene anapeza wina wapansi pake woti anthu amuseke. Wonyozedwa akapatsidwa maikolofoni sasanduka woyera mtima tsiku lomwelo.

Chimene chinamutembenuza ndi anthu amene anakumana nawo. Mu 1979 ku Soho, mu London, kunatsegulidwa kalabu ya anthabwala yotchedwa Comedy Store, ndipo kunabadwa gulu la anthabwala achinyamata amene anakana nthabwala zonyoza mitundu ndi akazi, zimene zinali chakudya cha tsiku ndi tsiku m'makalabu a anthu apantchito. Mmodzi mwa a m'badwo umenewo anali Dawn French, amene anakwatirana ndi Lenny mu 1984 (banjalo linatha mu 2010, ndipo pa nthawi imene anali limodzi anthu atsankho ankawatumizira makalata achipongwe, mpaka kuwapakira zonyansa pachitseko). Lenny ankamveranso Richard Pryor wa ku America, amene ankaseketsa anthu ndi zoona za moyo wake, zowawa zomwe. Pang'onopang'ono anthu amene ankawatsanzira anasintha. Kunabwera Deakus, nkhalamba ya ku Jamaica yodandaula za kuzizira ndi za moyo wa ku England, ndi Delbert Wilkins, mnyamata wodzimva wa ku Brixton woulutsa mawu pa wailesi yopanda chilolezo. Awanso ndi akuda, awanso ndi oseketsa, ndipo nawonso amalankhula mosiyana ndi azungu. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa ku Jamaica akamuona Deakus ankati awa ndi amalume anga enieni, n'kuseka misozi ili m'maso. Munthu wa Katanga uja panalibe Mwafirika amene akanamuzindikira ngati m'bale wake.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikutikhudza ife mwachindunji. Njala ya ku Ethiopia ya 1984 ndi 1985 itagwedeza dziko, Lenny ndi wolemba masewero Richard Curtis anayambitsa bungwe la Comic Relief mu 1985. Nzeru yake inali yosavuta: anthabwala aseketse anthu pa TV usiku wonse, pakatipakati azionetsa mavuto a anthu osauka, oonera aziimba foni n'kupereka ndalama. Tsiku loyamba la Red Nose Day, limene anthu amavala mphuno zofiira zapulasitiki, linachitika mu Febuluwale 1988 ndipo linasonkhanitsa mapaundi 15 miliyoni. Pofika 2015 ndalama zonse zinali zitadutsa mapaundi 1 biliyoni. Zina zinagwira ntchito mu Britain momwemo, zambiri zinapita ku Africa: katemera, masikito, mijigo, mankhwala. Ine ndinakulira kumene mjigo umodzi umasintha moyo wa mudzi wonse, choncho simudzandimva ndikunyoza ndalama imeneyo. Ana amene akanafa ali moyo.

Koma taonani chimene chinkagulitsidwa kuti ndalamayo ibwere. Chaka ndi chaka, munthu wotchuka wa ku Britain ankakwera ndege, kukagwada pambali pa bedi la mwana wowonda, ntchentche zili kumaso, iye n'kulira kamera ikujambula. Mayi wa mwanayo ali chete pakona. Namwino wa komweko, amene wagwira ntchito usiku wonse opanda magolovesi, akungodutsa kumbuyo ngati mthunzi. Mibadwo iwiri ya ana a ku Britain inakula ikudziwa Africa ya mtundu umenewo basi. Funsani Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe aliyense amene ali kuno ngati sanafunsidwepo, ndi munthu wabwinobwino wopanda chipongwe, ngati kwathu kuli nyumba za njerwa. Njira imeneyi inkabweretsa ndalama, ndiye inkaoneka yolondola. Muyeso wake unali womwe uja wa m'maholo a ku Blackpool: anthu akuchilandira, ndiye chisiyeni chipitirire. Kusiyana kwake n'kwakuti uku ankawerenga misozi, kuja ankawerenga chiseko.

Madandaulo anakula pang'onopang'ono. Mu 2017 bungwe la ophunzira la ku Norway linatchula filimu ya Comic Relief imene woimba Ed Sheeran anajambulitsa ku Liberia kuti ndiyo yonyazitsa kwambiri pa mauthenga opempha thandizo a chaka chimenecho. Mu Febuluwale 2019 mtolankhani Stacey Dooley anaika pa intaneti chithunzi atanyamula mwana wa ku Uganda, ndipo phungu wa ku Tottenham, David Lammy, anadzudzula kuti dziko latopa ndi azungu odzionetsa ngati apulumutsi. Kunali mkangano woopsa, ena kumunena Lammy kuti ndi wosayamika. Mu Okutobala 2020 Comic Relief inalengeza kuti yasiya kutumiza anthu otchuka ku Africa ndi kuonetsa ana ofooka ndi njala, ndipo mafilimu ake azijambulidwa ndi akatswiri a m'mayiko momwemo. Lenny anagwirizana nazo poyera, n'kunena kuti anthu a ku Africa safuna kuti wina aziwafotokozera nkhani zawo. Ndinamuyamikira. Ndinawerenganso zaka: kuchokera 1985 kufika 2020 ndi zaka 35. Munthu amene anaima pakati pa odzipaka mwaye aja akanayenera kuzindikira msanga kuposa pamenepo. Ndimamulemekeza, koma pamenepa sindimuchotsera mlandu wonse.

Chimene chimandichititsa kumulemekezabe ndi zimene anachita ndi theka lachiwiri la moyo wake. Ku Hollywood zinamukanika: filimu ya True Identity ya mu 1991, mmene anadzipaka zoyera kuti aoneke mzungu, sinayende malonda, ndipo anabwerera kwawo. Sewero la Chef! la pa BBC, kuyambira 1993 mpaka 1996, linamuyendera bwino. Mayi ake atamwalira mu 1998, munthu wotchuka kale, wandalama zake, anabwerera kusukulu. Anaphunzira ndi Open University, yophunzirira kunyumba, akuwerenga mabuku m'mahotela ndi kuseri kwa siteji, mpaka kutenga digiri ya mabuku a Chingerezi mu 2007. Anapitiriza ku yunivesite ya Royal Holloway, digiri yachiwiri mu 2010, ya udokotala mu 2018. Mu 2009, ali ndi zaka 50, anasewera Othello wa Shakespeare ndi gulu la Northern Broadsides ku Leeds, kenako ku London. Ambiri anapita kukaona wanthabwala akugwa chagada, koma anabwerako atagwira pakamwa, ndipo nyuzipepala ya Evening Standard inamupatsa mphoto ya wosewera watsopano wopambana. Watsopano, munthu amene anali pa siteji kuyambira 1975!

Sukuluyo sinali yokongoletsera khoma. Mu Malichi 2014 anaima pamaso pa akuluakulu a TV ku BAFTA, bungwe la za mafilimu ndi TV ku Britain, ndi manambala m'manja, kuwaonetsa kuti pakati pa 2006 ndi 2012 chiwerengero cha anthu akuda, Amwenye ndi a mitundu ina yochepa ogwira ntchito mu TV ya ku Britain chinatsika ndi 30.9 peresenti. Sanapemphe kuti pa kanema pazioneka nkhope zakuda zambiri basi. Anati paikidwe ndalama zapadera za mapulogalamu amene olemba, ojambula ndi opanga ake ndi anthu a mitundu imeneyo. Anali atamvetsa chimene mnyamata wa zaka 16 uja sakanachimvetsa: woima kutsogolo kwa kamera si amene amasankha choti anthu aseke kapena alire. Amasankha ndi amene wagwira kamera, cholembera ndi kontirakiti. Ndipo ngati wina ankakayika kuti vutolo lilipo, mu 2015 anaona yekha. Mfumukazi itamupatsa ulemu wa Sir, nkhani za pa wailesi ya kanema ya ITV zinaonetsa zithunzi za Ainsley Harriott, wophika wa pa TV, munthu wina wakuda, poganiza kuti ndi Lenny. Anapepesa pambuyo pake. M'chipinda chonse chokonzera nkhani munalibe amene anazindikira kuti nkhopeyo si yake.

Ndiye ndikamaona timafilimu ta achinyamata athu pafoni, timene abale amanditumizira pa WhatsApp, ndimaseka nawo, ena ali ndi luso loopsa. Koma ndimaonanso kuti chiseko chofulumira chimachokera kuti. Chimachokera kwa Mtumbuka, Msena kapena Myao amene Chichewa chake chapotozedwa dala, kwa munthu wakumudzi wodabwa ndi chimbudzi chamadzi, kwa wachibwibwi, kwa wachialubino, kwa mtsikana wantchito. Ma like amabwera ambirimbiri, makampani amaitana kuti udzatsatse malonda awo, ndipo wanthabwala amene ndi wa mtundu womwewo amauzidwa kuti iwe ndiye ukhoza kunena, poti ndi anthu akwanu. Mawu amenewo ndi omwe ankamuuza Lenny. Sindikunena kuti tisamasekane. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anatiseketsa zaka zambiri ndi umbuli, umphawi ndi ukathyali, koma tinkadziona tokha mwa iwo, ndipo wochenjera wa m'tauni nayenso ankagwa m'mbuna. Taonaninso Daliso Chaponda, mwana wa kwathu amene amakhala kuno. Pa Britain's Got Talent, mpikisano wa luso wa pa TV, mu 2017, kumene anathera pa nambala 3, anaimirira pamaso pa azungu n'kuwaseka iwo eni, kuti akulira mavuto a zachuma pamene sanaonepo ndege ikuponya chakudya pamwamba pa Birmingham. Holo yonse inaimirira. Anatenga chithunzi chomwe chija cha mwana wanjala n'kuchitembenuza kuti chiloze kwa amene anachijambula. Nthabwala yotero imafuna kukhala pansi n'kuilemba, kuiyesa, kuifufuta. Yopotoza lilime la Msena ingachitidwe ndi aliyense amene waledzera.

Lenny anatsogolera Red Nose Day komaliza mu Malichi 2024. Masiku ano amalemba kwambiri. Mu 2023 anatulutsa sewero la pa ITV lochokera pa nkhani za mayi ake ndi akazi anzawo amene anachoka ku Jamaica m'zaka za m'ma 1950, ndi lina la pa siteji lonena za anthu a m'badwo umenewo amene boma la Britain linawavutitsa ndi kuwathamangitsa molakwika atakhala m'dzikomo moyo wawo wonse.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Mtolankhani wanu akadzapitanso kukacheza ndi achinyamata anthabwala, asadzangofunsa kuti ali ndi owatsatira angati. Adzafunse kuti nthabwalazo amalemba ndani, pasiwedi ya tsamba lawo ili ndi ndani, anasainira pepala lanji ndi kampani imene akuitsatsira malonda, la zaka zingati, ndipo anawawerengera ndani asanasaine. Ambiri mwa iwo ndi a msinkhu womwe Lenny anali nawo mu 1975. Adzapitenso kwa akuluakulu a zisudzo amene adakali moyo, awafunse ngati pali mmodzi mwa ana amenewa amene anamuitanapo kunyumba kuti akambirane. Mayankhowo mudzatisindikizire, ife a kunja kuno timawerenga pa intaneti.

Ine wanu,
Nangozo
Wolverhampton, England